Khadi la Fyson

Usiku, akabaza a pa Chitakale akaweruka,
ndimayatsa chibokosi changa chakuda
chimene ndinalumikiza ndekha, chidutswachidutswa,
chaka chomwe namondwe anakokolola milatho.
Fani yake imayamba ndi chifuwa
ngati thirakitala ya pa esiteti m'mawa wa Julaye.

Panjira yowongoka galimoto yanga imauluka.
Koma pa kona paja, pamene gemu imathira mvula
ndi mitengo yambirimbiri nthawi imodzi,
chithunzi chimagwidwa chibwibwi.
Chimaima. Chimanjenjemera. Chimadumpha.
Ndikaphethira ndili kale m'ngalande,
Wyson Muhala ali ku Joni akuseka m'makutu mwanga:
"Aise, ukuyendetsa ngolo kodi?"

Si ine. Ndi khadi la zithunzi.
Lakalamba, maso achita ng'ala.

Lachitatu Fyson wa ku Limbe anatumiza chithunzi pa foni:
khadi la mafani awiri,
lonyezimira ngati nsapato ya mkwati.
"Miyezi isanu yokha, bwana wanga.
Mwini wake anali m'busa, ankangolembera maulaliki."
Zikwi mazana anayi ndi makumi awiri.
Kutsitsa ayi, dola yakwera.

Ine ntchito yanga ndi kuyeza.
Tsiku lonse ndimaima pa sikelo
kulemba makilo a masamba a tiyi
otsika pamsana pa anthu onyowa ndi mame.
Ndiye ndinawerengetsera kuchikuto kwa buku la kampani:
khadi limodzi, madengu angati?
Nambala itatuluka ndinaiphimba ndi chala,
a Nakhumwa ali patsogolo panga kudikira risiti yawo.

Mbali inayo ya sikelo sikusowa katundu.
Malata awiri odontha molunjika pa pilo.
Fizi ya Esinati, teremu yachitatu.
Nsapato iyi yomwe ikumwa madzi.
Komanso khadi latsopano silibwera lokha,
ukalikwatira wakwatira ndi abale ake omwe:
lifuna mphamvu ya magetsi yokulirapo,
lifuna sikirini yoti lidzionetserepo,
ndipo magetsi akathima sikisi koloko, monga mwa mwambo,
lidzangokhala phee mumdima
chimodzimodzi nkhalamba ilipoyi.

Komabe mtima, mtima!
Ndikufuna ndione madontho a mvula
akutsetsereka pa galasi limodzilimodzi,
ndidutse kona ija osaima,
Wyson amve fumbi langa ali ku Joni konko.
Kodi ndi tchimo munthu kufuna chinthu chosadyedwa?

Loweruka ndinadzuka chiperoni chitatsika.
Phiri lonse lafufutika.
Chambe kulibe, mitengo kulibe,
kwangotsala mizere itatu ya tiyi
ndi mnyamata wokankha njinga ya nanazi.
Ndinaseka ndekha pakhomo:
kani nalonso dziko masiku ena limatsitsa zithunzi,
n'kubisa mu nkhungu zimene latopa kujambula,
anthu n'kumapitabe kumsika.

Ndinamasula chibokosi ndi mpeni wa patebulo.
Mswachi wakale unatulutsa fumbi lodzaza chikhatho,
mphemvu youma, ndi ulusi wa kangaude
wolumikiza fani ku waya wofiira.
Kenaka ndinalowa m'gemu n'kuzimitsa mithunzi.
Udzu ndinaumeta. Mvula ndinaichepetsa.
Galimoto zinakhala ngati zosema ndi sompho,
koma kona ija ndinaidutsa.
Pa anthu asanu ndi atatu ndinakhala wachinayi.
Wyson anangoti, "Lero wadya chiyani?"

Ndamulembera Fyson:
"Ndisungireni mpaka Disembala, masamba akachuluka."
Wayankha msangamsanga:
"Pali wina wa ku Luchenza akubwera mawa ndi ndalama m'manja."
Nthawi zonse pamakhala wina wa ku Luchenza.

Malata ndagula limodzi.
Chithunzi chija sindinachifufute.
Usiku, magetsi akathima,
ndimachitambasula ndi zala ziwiri
mpaka ndiwerenge timapiko ta fani:
khumi ndi kamodzi mbali ino,
khumi ndi kamodzi mbali inayo.