Impso Yanga Ili kwa Zuze

Zaka zisanu ndi zinayi tsopano
impso yanga yakumanzere ikukhala ku Bangula,
m'munsi mwa mchombo wa mlongo wanga Zuze.
Ine ndi inzakeyo tili kwa Ngabu, tikutola thonje.

Adokotala adanena tisanakwere ndege yobwerera:
thupi silizolowera mlendo,
limangogonekedwa ndi mapiritsi, m'mawa ndi madzulo.
Mukaphonya, alonda a m'magazi amadzuka
n'kuyamba kufunsa kuti uyu ngwa kwa yani.

Ndiye kudabwera madzi aja.
Shire adalowa m'nyumba usiku osaodira,
botolo la mankhwala lidapita pamodzi ndi mphasa ndi mbuzi ziwiri.
Masabata atatu pa kampu ya pasukulu, msewu utaduka,
alonda aja ali maso.
Sadachite phokoso.
Ankangofumbula pang'onopang'ono
ngati anankafumbwe m'thumba la mapira.

Sindikuti ndi madzi okha.
Dzuwa la Okutobala kuno limamwa munthu,
iye tsiku lonse pa msika, chigubu chake ataiwala pakhomo.
Mlamba wouma wamchere sadausiye, ngakhale ndidalalata.
Magazi akuthamanga, iye ati ndi mutu chabe,
n'kugula timapiritsi ta ululu pa okala.
Shuga adalowa mozemba,
ati adabwera ndi mankhwala omwewo oteteza impsoyo.
Nanga munthu alowere kuti?
Malungo kawiri chaka chatha.

Mwinanso ndine.
Ndidampatsa nditakula kale,
impso yoti yasefa madzi amchere a m'mijigo yathu
kuyambira ndili wosavala.

Lamulungu ndidampeza pansi pa nimu,
mapazi atatupa, patapata akukana kulowa.
Pepala la ku chipatala lili ndi nambala
yomwe ikungokwera ngati mtsinje mu Januwale.
Akuti ayambirenso kukwera zitunda za ku Thabwa,
kukagona pa makina osefa magazi ku Blantyre.

Adati, “Nsayi, pepa,
ndakuwonongera chinthu chako.”
Ndidafuna kumukumbutsa za mchere uja.
Ndidaona mwana wake wotsiriza akulemba masamu pamchenga,
amene adabadwa impsoyo itakhala kale zaka ziwiri,
ndipo ndidangoti, “Sichinali chobwereka.”

Usiku kukatentha, udzudzu ukamalira kunja kwa neti,
ndimaika dzanja pa chipsera.
Yotsalayo ikugwira ntchito yokha mumdima.
Ndimadzuka kukamwa madzi,
makapu awiri,
ngati enawo angakafike ku Bangula.