Loweruka ku Blyton

Masiku asanu pa sabata ndimayendetsa basi ku Doncaster,
siteji ndi siteji, belu ndi belu,
phazi langa linazolowera buleki
ngati lilime pa dzino lobooka.
Koma Loweruka lija ndinadzuka kusanache
n'kutulutsa kagalimoto kanga kofiira,
ka mipando iwiri, denga lansalu,
kamene ndinagula kwa mayi wamasiye wa ku Selby
amene anapukuta makiyi ndi mpango asanandipatse.

Akuti kale pankatera ndege za nkhondo.
Lero ndi phula lokhotakhota pakati pa minda,
mphepo ikungolowa m'khosi osaodira.
Mnyamata wa jekete lachikasu
anagwada kumbuyo ndi kamakina koyezera phokoso.
"Pondani." Ndinaponda.
"Bambo, pondani zenizeni."
A m'mudzi wapafupi amadana ndi phokoso,
koma langa silikanadzutsa ngakhale khanda.

M'chipinda chozizira anatiwerengera malamulo.
Mbendera yachikasu, chepetsa liwiro.
Yofiira, bwerera.
Yakuda ndi yako wekha, walakwa.
Pano palibe mpikisano, palibe wotchi, palibe chikho.
Tonse tinagwedeza mitu ngati m'tchalitchi,
aliyense atabisa bodza lomwelo m'chipewa cholimba.

Pambali panga panakhala Kirsty,
wochepa zaka kwa mwana wanga Tiyanjane,
akutafuna chingamu ngati tikupita kumsika.
Pokhota poyamba dzanja langa linapita lokha.
Ndinayatsa sigino.
"Mukuuza ndani?" anafunsa.
Maso anga anali pa galasi,
kufunafuna bambo wa ndodo amene sanakhale pansi,
ana asukulu olendewera pa masitepe.
Munalibe.
Munali mitambo yotuwa basi
ndi chigalimoto chobiriwira chikundinunkhiza kumbuyo.

Anandidutsa onse.
Wobiriwira, woyera, ngakhale wa galimoto yopitira kuntchito
yokhala ndi mpando wa mwana kumbuyo.

"Musayang'ane chimene mukuopa.
Yang'anani kumene mukufuna kupita."

Ulendo wachisanu ndi chiwiri
china chake chinamasuka pansi pa nthiti.
Singano inakwera kumene sinafikepo,
injini inatulutsa mawu
amene inkandibisira zaka ziwiri,
matayala anayamba kundilankhula kudzera mu msana,
ndipo ndinaiwala nyumba ya lendi,
ndinaiwala foni ya achimwene ya malata,
ndinaiwala ngakhale dzina langa, Lonjezo,
linatsalira penapake pa mzere woyera.

Kenaka kamvula ka kuno kaja,
kowaza ngati malovu a munthu wolankhula pafupi.
Mbuyo ya galimoto inafuna kuona kutsogolo.
Munda, mitambo, munda, mitambo,
munda.
Zii.

Pa udzu. Injini yazima.
Kutali mbendera yachikasu ikukupiza chifukwa cha ine.
Ndipo pakamwa panga, ndisanaganize,
panatuluka mawu a ntchito:
"Pepani nonse, palibe wavulala?"
Kirsty anatembenuka kuyang'ana kumbuyo
kumene kulibe ngakhale mpando.
Tinaseka mpaka magalasi a zipewa anachita nthunzi.

Masana, tiyi wa m'kapu ya pepala,
mabuleki akununkha ngati mphika woiwalika pamoto.
Mwini wobiriwira uja, Alasdair, dokotala wa mano,
anagwada n'kuzula udzu pa tayala langa.
"Woyamba?" Ndinavomera.
"Wanga ndinausunga," anatero,
ngati akunena za dzino la mwana wake.

Lolemba, hafu sikisi, mdima ukadalipo,
basi yodzaza anamwino ndi maambulera onyowa.
Pa raundabauti ya kuchipatala
ndinaponya maso patali, potulukira,
manja anatsatira okha,
matani khumi ndi awiri anakhota ngati madzi m'ngalande.
Mayi wina anali ataimirira ndi khofi m'manja.
Sanatayike ngakhale dontho.
Sanadziwe kanthu.
Anatsika, nati zikomo monga mwa masiku onse,
udzu uja uli m'thumba langa la malaya,
kuseri kwa baji.