Theka la Filimu ku Kamwala

Loweruka tinatseka shopu msanga.
Mayi Suheir anakokera pansi chitseko chachitsulo,
nakhazika laputopu pa mipukutu ya makatani,
nati, Tikambenji, usathamangire minibasi,
pali chinthu chimene sindingathe kuonera ndekha.

Chiarabu sindichimva.
Zaka zisanu ndi chimodzi ndikupinda nsalu zawo
ndatolapo mawu atatu okha:
moni, zikomo, ndi lija amanena singano ikathyoka.
Timalemba ta Chingerezi tinkathawa pansi pa chithunzi
ngati mphemvu ukayatsa nyali,
choncho ankandimasulira m'Chinyanja chawo chotsimphina.

Munali nyumba yosanja, masitepe opanda pogwira,
bambo wokonza mawailesi, mkazi wake, ana aakazi awiri,
ndi mpando umodzi
umene kamera inkangoubwererabwerera.

Akuti mnyamatayo anayamba ndi zazing'ono.
Anatsitsa zithunzi pakhoma, misomali n'kutsala yokha.
Anadula waya wa wailesi ya pabalaza.
Anasiya kulonjera mlongo wake chifukwa cha tsitsi.
Kenako m'mawa wina anapeza bedi lake loyalidwa bwino,
bwino kuposa masiku onse.

Mayi wake ankalankhula akusankha timiyala mu mphodza,
osayang'ana kamera.
Apa Mayi Suheir anasiya kumasulira.
Ndinadikira.
Kunja kondakitala ankakuwa, Chawama, Chawama, watsala mmodzi!
Sanapitirize, ine sindinafunse,
pakuti zimene ankanena manja aja ndinazimva kale.

Ndi manja a amayi anga,
chaka chija Yotamu anabwera ndi nsapato zatsopano
ndi maso a munthu wina.
Wathu sanawoloke malire, sanagwire mfuti.
Anangokwera basi ya ku Chongwe
kutsata munthu amene anamuuza
kuti dziko lonse lavunda kupatula iwo makumi anayi.
Satifiketi yake ya giredi thwelofu anaiwotcha pa mbaula.
Amayi anawatcha mfiti
mbale yawo ili m'manja mwake, asanasambe n'komwe.
Nambala yake ndimaiimbabe mwezi ukatha.
Amayankha ndi mkazi wa kampani uja,
waulemu, wosatopa.

Ndinkafuna kudziwa ngati wa mufilimu anabwerera.
Bambo wake anali atangotsegula kabati,
watulutsa envulopu yakhaki,
chala chili kale pakona,
pamene magetsi anathima.
Batire la laputopuyo linafa chaka chatha.

Mdima, ndi fungo la nsalu zosachapa.
Jenereta ya shopu yoyandikana inatsokomola kawiri n'kukana.

Mumdimamo ndinamva mawu awo, otsika:
Mwana wa mng'ono wanga dzina lake Anas.
Ankaweta nkhunda padenga.
Sananene kuti ali kuti.
Ine ndinati: Yotamu ankakonza mafoni ku City Market,
akaseka, mzere wonse unkatembenuka.

Sitinakumbatirane.
Iwo ndi abwana, ine ndimalandira pa thate,
ndipo dzulo lake tinali titakangana za mamita awiri a leesi.
Tinangokhala, aliyense ndi mnyamata wake pamiyendo,
mpaka mlonda anagogoda kufunsa ngati muli anthu.

Ndinafika kwathu mochedwa.
Amayi anali atasiya chitseko chosakhoma, monga mwa masiku onse.
Amati loko ndi wovuta.
Loko alibe vuto.

Lolemba magetsi analipo tsiku lonse.
Kunabwera mayi wa ku Kabulonga
kufuna makatani okhuthala, oti kuwala kusadutse.
Ndinayeza, Mayi Suheir anadula,
lumo likulira pathebulo.
Laputopu ili pansi pa kauntala, pambali pa buku la ngongole.
Palibe mwa ife waitchula.

Bambo uja akadali chiimire mmenemo,
envulopu m'manja, chala pakona.
Tamusiya choncho sabata yachitatu tsopano.
Malinga asanatsegule,
mwana wake akhoza kukhala ali pa basi,
akuwerenga masiteji.