Chubu Chachitatu

Pantoni yanga inali ndi machubu awiri,
ndipo zaka zinayi inawoloka pa Mtayamoyo osadandaula,
mpaka tsiku lija la mbatata za ku Makhanga:
matumba khumi ndi anayi, njinga yamoto,
mphunzitsi wina ndi mbuzi yake.
Mphuno inamira. Madzi anafika m'akakolo.
Mphunzitsi anakumbatira mbuzi
n'kuyamba kutchula mayina a ana ake mmodzimmodzi.

Ndiye ndinapita ku Bangula kwa Alufazema,
wowotcherera zitsulo wa khutu limodzi logontha,
amene amakulankhula ngati uli tsidya lina la Shire.
Anati, Usayambe ndi moto iwe. Yamba ndi chingwe.

Tinaikweza pa zitsa za mgwalangwa
ndi jeke wa lole wobwereka kwa Zuze,
ine chagada kunsi kwake, mchenga ukundikazinga msana.
Yeza kuchokera kumanzere, lemba ndi choko.
Yeza kuchokera kumanja, lembanso.
Mizere iwiriyo ikakana kukumana
wolakwa ndiwe, osati tepi.
Inakana katatu.

Chapakatichi chitsike pang'ono, anatero,
zala zitatu basi,
kuti pokhota pantoni izigona ngati bwato.
Kumbuyo uchidule mkono wathunthu,
injini nayo imafuna pomwera madzi;
ukaitsekereza imangomeza thovu n'kumalira chabe.
Kutsogolo usongole, namasupuni azipatuka yekha.

Dzuwa la masana linatithamangitsa.
Sipanala yosiyidwa pamtetete sinkagwirika,
tinaiponya m'ndowa, inachita ngati yapuma.

Mabawuti makumi awiri ndi anayi.
Ndinafuna kumanga loyamba mpaka likuwe,
iye anandimenya dzanja ndi chipewa:
Alowe onse kaye ali olobodoka,
womanga msanga amaboola kawiri.
Pakati pa chitsulo ndi chitsulo
tinayala mphira wodula ku tayala lakale,
poti zitsulo zikagundana m'madzi zimadyana mwakachetechete
ngati apachibale olimbirana dimba.
Chobowolera chinathyoka pa bowo la chisanu ndi chinayi.
Mafuta a jenereta anatha pa la khumi ndi chiwiri.
Ndinagulitsa abakha awiri.

Lachinayi Felesiya, mwana wanga, anabwera ndi pampu ya njinga.
Iye akupopa, ine ndikupaka thovu la sopo m'misoko yonse,
pang'onopang'ono, ngati wosambitsa wodwala.
Msoko woyamba zii. Wachiwiri zii.
Pa wachitatu kathovu kanatupa
ngati khosi la chule, n'kuphulika, n'kutupanso.

Alufazema anakayang'ana nthawi yaitali.
Sanakuwe.
Anati, motsitsa, mawu amene sindinawamvepo kwa iye,
Dzanja ili layamba kunjenjemera.
Anavala galasi lake losweka pakona,
anawotchereranso, nakana ndalama ya ndodo ziwirizo.
Felesiya anapopanso mpaka thukuta kudontha pachigongono.
Zii.

Tinapaka phula, tinadikira usiku umodzi udzudzu ukutiimbira.

M'mawa anyamata asanu ndi atatu anaikankhira m'madzi.
Inayandama pamwamba kwambiri, yonyada,
mzere wakale wa ndere uli poyera ngati chipsera.
Ndinakweza matumba khumi ndi asanu ndi atatu, sinagwedezeke.
Koma palibe anandiuza za mphepo.
Chinthu chopepuka mwera umachikonda:
unatigwira m'nthiti pakati pa mtsinje,
doko tinaliphonya ndi mapazi makumi atatu
n'kukaima m'bango, ntchentche ndi ntchentche,
a mabwato akuseka mpaka kugwetsa nkhafi.

Tsopano ndikuiphunziranso pantoni yanga yomwe.
Ndimalunjika kumtunda kwa kumene ndikupita.
Madzulo ndimagogoda chubu chilichonse ndi sipanala,
khutu pachitsulo:
chakumanzere, chakumanja,
kenako chapakati, chimene mawu ake sindinawazolowere.
Dzulo mphunzitsi uja anabweranso, wopanda mbuzi.
Anasuzumira kunsi, anawerenga ndi chala,
nakwera.