Zimene Deshibodi Idameza

Lole ya a Kumwenda yafika ku Luwinga chifunga chisanachoke,
ikutsokomola ngati mwini wake.
Zaka makumi awiri ikusenza matabwa a ku Chikangawa,
dzuwa la ku Karonga likuiwotcha pamphumi,
chisanu cha ku Viphya chikuiluma usiku,
ndipo deshibodi yang'ambika
ngati chidendene cha mlimi m'mwezi wa Okutobala.
Mng'alu umodzi waukulu, ana ake asanu ndi awiri.

"Ingomata pamwamba, mwana iwe," akutero.
Ndakana. Chilonda sachimangira kunja kwa malaya.

Ndayamba ndi batire, waya wakuda poyamba,
monga adandiphunzitsira a Mwafulirwa maso awo asanafe.
Masikuluwu khumi ndi anayi,
atatu ndi achilendo, wina ndi msomali chabe,
onse ndawaponya m'chitini cha majarini.
Waya aliyense ndamumanga kansalu kakekake
kuti mawa hutala isamalire munthu akayatsa nyali.
Ndagona chagada, mutu pa kilatchi, miyendo pampando,
fumbi la misewu yonse ya kumpoto likundigwera m'kamwa.
La ku Chitipa ndalizindikira, ndi lofiira.

Yamasuka.
Taitulutsa awiri, pang'onopang'ono,
ngati wodwala wothyoka msana.

Kuseri kwake kuli zonse zimene mng'alu udameza:
chisa cha khoswe chomangidwa ndi malisiti a dizilo,
mabolopeni atatu, chipeso chopanda mano,
makoko a mtedza, batani la malaya,
ndi envulopu yakhaki yopindidwa pawiri,
yomangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga.

A Kumwenda asiya kutafuna chinangwa.
Aitsegula. Ndalama zakale,
zija zazikulu zosakwana m'chikwama,
zimene lero ngakhale wogulitsa nthochi sangalandire.
Awerenga. Awerenganso.
"Lusayo," angotero.

Ndiye mnyamata amene ankawakwezera matabwa,
amene adamutsitsa pa Ekwendeni mvula ikugwa
namutcha mbala pamaso pa amayi ogulitsa tomato.
Adalumbira, adatembenuza matumba onse a kabudula,
munagwa machesi okha.
Papita zaka khumi ndi zitatu.
Ena akuti adapita ku Joni,
ena akuti amapalasa kabaza komweko.

Ine sindine m'busa. Ndabwerera ku ntchito yanga.
Kumapeto kwa mng'alu uliwonse ndaboola kabowo,
pakuti mng'alu ukapanda kuupatsa poima
umangoyendabe.
Kunsi ndasoka ndi waya wotentha,
ndathira supagulu, ndawaza soda,
kautsi kake kandiliza misozi yopanda maliro.
Ndapala ndi sandipepala mpaka zala zachita dzanzi.
Chikopa chakuda ndagula kwa osoka mipando mumsika,
ndachikoka ngati cha ng'oma,
makwinya ndawathamangitsira m'mphepete.

Mvula yamawawa yayamba,
ija ya kuno yosadziwa kalendala.
Iwo akhala pa tayala lakutha tsiku lonse,
chipewa pabondo, tiyi wazizira m'kapu.
Nthawi zonse amandiuza mogwirira sipanala.
Lero ayi.

Madzulo ndabwezera zonse m'malo mwake.
Sikuluwu imodzi yatsala, monga mwa masiku onse.
Singano ya mafuta yadzuka, wailesi yalankhula,
nyali zonse zavomera.
Akwera, ayendetsa chikhatho pachikopa chatsopano
uku ndi uku, ngati wofufuza nthiti yothyoka.
"Uli pati?"
Ndagwira chala chawo, ndachiika pomwepo.
"Ulipo, bambo. Ndangouletsa kuyenda."

Alipira osanenerera, koyamba chiwadziwireni.
Envulopu ili m'thumba la pachifuwa.
Ndaima pageti, manja akununkha guluu,
kuyang'ana lole ikutsikira kumsewu waukulu.
Matabwa akuwadikira ku Chikangawa, kumwera,
koma indiketa ikuphethira chakumpoto,
njira ya ku Ekwendeni.

Kapena ndasokoneza mawaya.