Wotseka Ali Kuti?

Zaka khumi ndi zinayi Luwiza Alufandika
wakhala akuthirira nzimbe ku Nchalo.
Kapitawo akati tsegula, amatsegula mpopi.
Akati tseka, amatseka.
Madzi paokha alibe nzeru.

Lero ali pabenchi kuchipatala cha Chikwawa,
bulauzi yamata ndi thukuta la Okutobala,
namwino wajambula kabwalo kuseri kwa pepala.
Iyi ndi selo, akutero. Pakhungu pake pali timakutu.
Amithenga amabwera, mapuloteni,
kudzanong'oneza: gawikana pawiri.
Khutu limauza mnzake wam'kati, iyenso auza wina,
mpaka mawu afike pakatikati.
M'bere mwanumu timakututo tachuluka,
tikungomva "tsegula" popanda woyankhula.

Luwiza akuyang'anitsitsa kabwaloko.
Wakumbukira usiku umene mpopi unaiwalika:
kutacha, munda wonse unali dambo,
achule akulira m'mizere.

Nanga wotseka ali kuti?

Ku Blantyre, Lachiwiri.
Alipo mankhwala ogonthetsa makutuwo.

Akupinda pepalalo kanayi,
kulilowetsa m'kamisolo, mbali yomweyo ya chotupa.
Panja mphepo yotentha ikuulutsa fumbi.
Wamasula mfundo ya chitenje,
akuwerenga ya minibasi yokwera Thabwa,
nkuwerenganso.