Khola Lachiwiri

Wogulitsa ziweto pa msewu wa Piotrkowska anati,
"Tengani onse awiri, n'pachibale awa,
anabadwa usiku umodzi, sadzasungulumwa."
Ndinalipira. Mwana wanga Jagoda ananyamula katoni
ngati muli mazira,
chipale chofewa chikumugwera pachisoti.

Tihamusita tiwiri, timbewa ta kuchipululu,
kamchira kosaoneka n'komwe, masaya ngati matumba.
Wina anamutcha Guzik, ndiye kuti Batani,
winayo Okruszek, Kanyenyeswa.
Miyezi itatu ankagona mopiringizana,
osadziwika mutu wa uyu, msana wa uyo.

Ine ndimayendetsa sitima ya m'misewu,
ndimaweruka mzinda wa Łódź utagona.
Usiku wina mu Febuluwale, ndikuvula nsapato,
ndinamva tswii! tswii! kuchipinda kwa mwana.
Utuchi uli mbwee,
Okruszek ali chagada pakona, timiyendo m'mwamba,
mbale wake atamukhalira pachifuwa.
Ndinapisa dzanja. Uchitsiru.
Guzik anandibaya mano ngati singano ziwiri.

Ndinayesa zonse zimene anthu amanena.
Ndinagula gudumu lachiwiri, botolo la madzi lachiwiri.
Mbale ya chakudya ndinaichotsa,
njere za mpendadzuwa n'kumazimwaza ponseponse
kuti pasakhale mwini nkhokwe.
Kanyumba kawo ndinakaboola khomo lakumbuyo
kuti wothamangitsidwa azipeza potulukira.
Mtendere unakhala masiku asanu ndi anayi.
La khumi, kadontho kofiira pa utuchi,
khutu la Okruszek litang'ambika ngati tikiti yogwira kale ntchito.

Mayi Kordas, dokotala wa ziweto, sanazungulire.
"Akalimbana, vindikirani wina ndi kapu, dzanja ayi.
Koma magazi atuluka, ndiye mlandu watha.
Alekanitseni lero, musadzawaphatikizenso.
Kwawo kuchipululu wogonja amathawa mpaka kutali,
inu mwamuikira galasi mbali zonse zinayi."

Jagoda analira mubasi njira yonse.
"Koma ndi apachibale, bambo!"
Mawu anafika pamlomo: chibale n'fupa, sichiwola.
Ndinawameza.
Ndinakumbuka Zbyszek, mkulu wanga,
bedi lake pamwamba, langa pansi,
zaka khumi ndi zisanu m'chipinda cha zenera limodzi,
mzere wa choko umene anajambula pakati pa tebulo,
dzino langa limene linatsala pamasitepe.
Mayi ankati mudzazolowerana.
Tinazolowera kuwerengerana nthuli za nyama m'mbale.
Maliro awo atatha tinakangana za wotchi ya pakhoma,
wotchi yoti sinkayendanso,
ndipo chiyambire pamenepo lamya yake sindinaiimbepo.

Khola lachiwiri ndinaligula kwa munthu wina ku Bałuty,
lakale, chitseko chomangira waya.
Ndinaliika pashelefu ya mabuku,
lina linatsala pafupi ndi zenera.
Ndinkaganiza kuti adzafunana,
adzanunkhiza m'galasi, adzakana kudya.
Ayi ndithu.
Okruszek anakumba dzenje lake, nagona tsiku lathunthu
miyendo ili tambasu, ngati munthu wamaliza ngongole.
Pano wanenepa, khutu linapola ndi kampata kake.
Guzik naye wasiya kuluma.

Ndikaweruka usiku ndimaima mumdima
kumvetsera magudumu awiri,
lina kwiyo kwiyo, lina lofuna mafuta,
aliyense akuthamangira kwake kosafikika.
Jagoda amagona pakati pawo, pakamwa pali yasa.

Sabata yatha ndinajambula makola awiriwo,
chithunzi n'kutumiza kwa Zbyszek ku Szczecin
popanda moni, popanda mawu.
Masiku anayi, zii.
Lachisanu ndili pamalo okwerera, zitseko zikutseguka,
lamya inanjenjemera m'thumba.
Walemba kuti, "Wonenepayo ndiwe."